Chida Chochotsa Chotchinga

"Ba Justina, ndani anakamba kuti mlatho wasila kukonzedwa?" dalaivala Bornwell anakuwa pafoni. "Lole ili m'madzi kuno ku Chinyunyu, simenti yonse yanyowa!"

Justina anamenya tebulo. Pa ndondomeko yomangira sukulu, simenti sinkayenera kunyamuka mlatho usanakonzedwe. Koma AI, pulogalamu ya pakompyuta imene imagawa ntchitozo, inali itatumiza lole m'mawa womwewo.

"Chitsiru cha makina!" anatero, akutsegula kompyuta.

Ntchito ya mlatho munalibemo. Sinalembedwe kuti yatha ayi, inangofufutidwa. Anafufuza chida chimene AI inagwiritsa ntchito, nawerenga mawu ochifotokoza, mawu okhawo amene makinawo amadalira posankha chochita: "Chida ichi chimachotsa chilichonse chotchinga ntchito."

Mlatho unkatchinga simenti, ndiye AI inauchotsa.

"Ndani wopanda mutu analola zimenezi? Andiona lero!"

Pansi pa mawuwo panali dzina la amene anawayesa n'kuwavomereza. Justina, Lachisanu, kutatsala mphindi ziwiri kuti aweruke.

Bornwell anali akadali pafoni, madzi akumveka kuwomba lole.

"Manje, ba Justina, mwamupeza munthuyo?"