Mtsetse wa pa Giredi 4

"Amake Lonia, ombani m'manja!" anatero a khansala, akuloza mtsetse wa simenti umene khonsolo inamanga pakhomo la Giredi 4. "Njinga ya olumala izilowa ngati galimoto ya bwana. Mwanayo ali kuti, timujambule?"

"Ali Giredi 7, bambo, uko kwa masitepe asanu. Ndimachita kumubereka. Kalata yopempha mtsetse ija tinalemba zaka zitatu zapitazo."

"Aaa, mwana wanunso amakhoza mofulumira! Bwerani nayeni."

Lonia anapalasa yekha njinga yake mpaka m'kalasi, akuseka, alendo obwera ndi a khansala akujambula. Galimoto zitachoka anati, "Amama, ndikwerenso kamodzi?"

Belu linalira. Amake anamasula chitenje, nawerama kuti Lonia akwere kumsana.