Suti ya Kutchalitchi

"Muli bwanji, bambo Odell?" woweruza anafunsa.

Mlongo wa Odell, Charlene, anamutsina pantchafu. Ulendo woyamba Odell anatchena suti ya kutchalitchi, n'kuyankha dokotala wa boma kuti ali bwino, monga anawalelera mayi awo. Ndalama za olumala anamumana. Ati wotchena chonchi sangadwale maganizo.

Lero anabwera ndevu zili nyankhalala.

"Sindili bwino, bwana. Foni ikalira ndimakabisala kubafa. Ntchito zonse zinandithera choncho."

Woweruza anamuyang'anitsitsa. "Apilo yanu mwapambana."

Panja, Charlene anavula nsapato n'kuyamba kuvina pakati pa magalimoto. "Wanena, iwe! Wanenadi! Ukumva bwanji?"

Odell anaseka, misozi ili chuchuchu. "Ndili bwino."

"Tseka pakamwa, chitsiru iwe! Mawindo a khoti ndi otsegula!"