Kochi Amene Anatumiza Vidiyo ya Mwana wa Eni

Panali munthu wina ku Kafue, dzina lake Ackson, mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale. Iyeyu analinso kochi wa timu ya atsikana ya basiketibo. Amene anandiuza nkhaniyi amaphunzitsa naye limodzi, ndipo akuti ndi yoona.

M'timumo munali atsikana awiri a Giredi 12 amene anthu ankawatchula. Wina anali mwana wa Ackson weniweni, Mapalo. Wina anali Nchimunya, mwana wa msodzi wa ku Chanyanya, yemwe ankakhala kwa azakhali ake m'tauni. Mapalo ankasewera bwino, koma aliyense ankadziwa kuti Nchimunya ndiye anali patsogolo.

Tsiku lina koleji ina ya ku Lusaka inalembera makochi. Inati ili ndi malo a mtsikana wodziwa basiketibo woti akaphunzire ulere, ndipo kochi aliyense atumize vidiyo ya wosewera wake mmodzi. Ackson anali ndi vidiyo yojambulidwa patali ndi foni, nkhope zosaoneka bwino. Mmenemo Nchimunya ankadutsa adani ngati palibe munthu. Ackson anaitenga, nalembapo dzina la Mapalo.

Mkazi wake ataona, anamuletsa. "Batate ba Mapalo, ichi chizatibwelela. Tumani vidiyo ya mwana wanu. Ngati bamukana, bamukane."

"Simuziba mwamene vintu viyendela," anayankha Ackson. "Aliyense amakankha wake."

Anatumiza, ndipo sanamuuze Mapalo zimene anachita.

Patapita milungu iwiri foni inalira. Anali mayi wina dzina lake Edna, amene ntchito yake inali kuyesa osewera koleji isanawatenge. Anati vidiyo yawasangalatsa, ndipo Loweruka abwera kudzamuona Mapalo ndi maso. Ackson ankaganiza kuti angosankha poonera vidiyo basi.

Ackson anangouza Mapalo kuti a koleji akubwera kudzamuona. Mtsikanayo anakalengeza kutchalitchi, ndipo achinyamata anzake anamupempherera. M'mawa uliwonse ankathamanga asanapite kusukulu. Kangapo Ackson anafuna kumuuza zoona, koma akaona mmene mwanayo akusangalalira, ankaleka. Lachisanu anaitana Nchimunya.

"Mailo kulibe maseŵera. Yenda ukaone makolo ku Chanyanya."

Mtsikanayo anathokoza, napita.

Loweruka Edna anafika ndi tepi yoyezera ndi kabuku. Anayeza msinkhu wa Mapalo ndi kutalika kwa mikono yake, namuthamangitsa uku akuyang'ana wotchi. Kenako anagawa atsikana m'matimu awiri, iye n'kukhala pambali. Ankaona mmene Mapalo akupatsira anzake, mmene akutchingira, ndi zimene akuchita akaphonya. Zonse ankalemba m'kabuku. Ackson anaima kumbuyo kwake, akuyesa kusuzumira m'kabukumo.

Mapalo anasewera ndi mtima wake wonse. Koma Edna anatulutsa foni, nayamba kuyang'ana pafoni, n'kuyang'ana pabwalo, n'kubwereranso pafoni. Kenako anaimitsa masewera.

"Mapalo, ponya na kwanja ya kumanzele."

Mapalo anadabwa, koma anaponya ndi dzanja lamanzerelo. Mpira sunafike n'komwe pa ring'i. Anaponyanso, unapita kumbali.

Edna anamuitana, namuonetsa foni. "Uyu ali mu vidiyo aponya na kumanzele kuchokela poyamba mpaka posiliza. Ndiwe uyu?"

Mapalo anaonera kanthawi kochepa chabe. "Uyu ni Nchimunya," anatero. Kenako anaona dzina lake litalembedwa pansi pa vidiyoyo. Anatembenuka pang'onopang'ono. "Ba dadi?"

Ackson anayang'ana pansi. Atsikana onse anali atamva.

"Ba kochi," anatero Edna motsitsa mawu, "mwana wanu aona bwalo bwino, ndipo saopa. Sembe munatuma vidiyo yake, sembe namulemba kuti abwele akayesedwe na banzake. Manje fomu yake yangena na boza, ndipo malamulo yatu siyalola. Ali kuti mwine wa vidiyo?"

Ackson anayamba kuchita chibwibwi, akuti mtsikanayo amakhala kutali ndipo alibe foni. Mapalo anamudula mawu.

"Nikuziba kwao. Nizakupelekani."

Anakwera galimoto ya Edna atavala jezi yake yomweyo, osacheukira bambo ake. Nchimunya anakamupeza kumtsinje akuthandiza mayi ake kuyanika nsomba. Mlungu wotsatira anapita ku Lusaka kukayesedwa, ndipo anamutenga.

Nkhani inafika kwa mkulu wa sukulu, ndipo mkuluyo anachotsa Ackson pa ukochi. Kunyumba Mapalo anakhala masiku ambiri osamulankhula. Tsiku lina Ackson anamupeza akuchapa, nayesa kupepesa, akuti zonse anachitira chikondi.

Mapalo sanadzutse mutu. "Ba dadi, chamene chinibaba si koleji," anatero. "Nikuti imwe, bamene munaniphunzisa kugwila mpila, munaona kuti siningakwanise neka."

Mpaka lero Ackson akuphunzitsabe pasukulupo, koma Mapalo sanabwererenso pabwalo.

Phunziro: Khomo limene watsegulira mwana wako ndi bodza limamutsekera ngakhale lija akanalowa yekha. Osabera mwana wa mnzako mwayi wake, ndipo a m'nyumba mwako akakuchenjeza, mvera. Tumizirani makolo, aphunzitsi ndi makochi amene mumawadziwa, mwina pali wina amene ali pafupi kuchita zomwezi.