Katswiri wa Gemu wa ku Matero

"Bakazi sibangateye bola ya pa gemu. Ivi ni vinthu va bamuna!" anatero Kasonde, poyankha mkangano wa anthu omuonera akusewera gemuyo pa intaneti.

Komboni yonse ya Matero inkamutcha katswiri. Chimene oonerawo sankadziwa n'chakuti kontirola imene ankadinadina mwaukali inalibe mabatire. Yeniyeni inali kuseri kwa kamera, m'manja mwa mkazi wake, Mwiche.

Mwiche anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anaimirira n'kumuikira kontirola yamoyoyo pamiyendo.

"Teyani, bamuna banga," ananong'ona akumwetulira. "Ine nayenda kusuka mbale."

Mbale zisanathe n'komwe, Kasonde anali atamwetsedwa zigoli zisanu ndi chimodzi, thukuta lili kamukamu, akuuza oonera kuti netiweki ya ku Matero yalodzedwa.