Naini Anayankha

Tabitha, mwana wanga wa miyezi isanu, ankatsokomola osalekeza, ndiye ndinamukulunga m'bulangete kukapempha mankhwala kutsidya. Pamlatho ndinakumana ndi amuna a m'mudzi mwathu, owomba nsalu, atadzipaka mwaye kumaso, nyundo zophwanyira makina a kufakitale zili paphewa. Ankaitanana manambala, poti dzina likamveka munthu amanyongedwa.

"Eyiti!" anaitana a Obadiah, mtsogoleri wawo.

"Ndilipo."

"Naini!"

"Mwaledzera kodi, akulu?" wina ananong'ona. "Naini anali Jabez, ndipo tinamuika Lachiwiri."

A Jabez anali amuna anga. Asilikali anawaphera pachipata cha fakitale yomweyo.

"Ndilipo," anayankha mawu awo, kuchokera m'bulangete pachifuwa panga.

Mwana analeka kutsokomola. A Obadiah anatambasula manja.

"Mlamu, tipatseni mwanayo. Tikuchedwa."