Masheya a Muyezo Atagwa

Ku Chamadenga munthu sankabwereka ngakhale mchere makina a kampani ya Muyezo asanamupatse malikisi a kukhulupirika. A Kaphwiti anali ndi masheya m'kampaniyo. Tsiku limene anthu anagulitsa awo mwaunyinji mpaka mtengo kugwa, iwo anayamba kumanga mbuzi.

"Atchipa, mayi a Tiyese! Tigulitse mbuziyi, tiwonjezere ena."

Nangozo, mkazi wawo, anangotenga foni nafunsa makinawo: "Kodi kampani ya Muyezo tingaibwereke mbuzi?"

"Malikisi khumi ndi awiri pa zana," anayankha makinawo. "Musayerekeze."

"Mwamva, bambo? Mwini wake akudzikana yekha."

A Kaphwiti anakanda m'mutu. "Kampani yonena zoona chonchi ndiye yoyenera kugula."

Nangozo anamasula mbuzi ija nakaibisa kwa amayi ake.