Malaya Osachapa a Lufeyo

Lachisanu lililonse akazi okwatiwa ankapita kuchipatala kukayezedwa khungu. Makina ankapala pang'ono pakhosi n'kuwerenga tizilombo tokhala pakhungupo, chifukwa munthu akamakhala mwamantha tizilomboto timasintha. Mkazi akapezeka ndi mantha katatu, mwamuna wake ankalandidwa munda.

Nachisale anali atapezeka kale kawiri.

M'mawa wa Lachisanu lotsatira, apongozi ake aakazi anabwera ndi malaya a mwamuna wake Lufeyo, onunkha thukuta la sabata yathunthu.

"Vulani bulauziyo, Nachisale," anatero mwaulemu.

Anamusambitsa ndi sopo wamankhwala mpaka khungu kuwawa. Kenako anamupukuta ndi malayawo pakhosi, m'khwapa, ndi panthiti pomwe panali potupabe ndi nsapato ya Lufeyo.

"Koma amayi, makinawo sazindikira?" anafunsa Nachisale.

"Azindikira chiyani? Mwana wanga amadya bwino, amagona bwino. Alibe nkhawa iliyonse."

Kuchipatala, nyali ya makina inayaka yobiriwira. Namwino anamwetulira pomupatsa chiphaso chake.

"Muli ndi mwayi, mayi. Khungu lodekha chonchi n'losowa masiku ano. Mukawathokoze bambo akunyumba."